Tsamba 412 Lasiyidwa Dala

Amuna anga anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'chipinda chopanda zenera, chozizira ngati mosungira mitembo, ndipo mpaka lero abale awo amati ankakonza makompyuta. Sankakonza chilichonse. Ngakhale loko wa chitseko cha kubafa kwathu anamusiya akulendewera mpaka ine ndinamumanga ndi waya. Ntchito yawo inali kulemba buku, buku limodzi lokha, ndipo bukulo ndinakhala nalo pa mitala zaka zonsezo.

Tinadziwana ndikuwasokera buluku. Ine ndine telala, ndipo pa anthu onse amene ndawayezapo, iwo okha ndi amene anabwera ndi pepala la miyezo yawo, atadziyeza okha kunyumba kawiri kuti atsimikize. Kalata yondifunsira inali ndi ndime za manambala, ndipo ndime yachinayi inali ya zofooka zawo: amaliza mkonono, sadziwa kuvina, akakwiya amangokhala chete. Mayi anga atamva kalatayo anati mwamuna wodziulula yekha chonchi kaya ndi woyera mtima kaya ndi wopepera, koma ndimutenge, poti onse awiriwo samenya mkazi.

Kuntchito ankawatchula kuti a Onanitsamba. Munthu akawafunsa kanthu sankayankha ngati anthu ena, ankangokweza chala n'kunena kuti onani tsamba lakutilakuti. Matendawo anafika nawo mpaka kunyumba. Kukhitchini anakhomako kope lofotokoza kayatsidwe ka mbaula, kuchipinda kope lina la mankhwala a ana. Mwana wathu woyamba atabwera ndi mwamuna womufuna kudzationetsa, bambo ake anamufunsa munthuyo ngati zolinga zake anazilemba penapake. Ine manyazi anandigwira mpaka ndinathawira kuseri kwa nyumba. Koma ndinene chilungamo, amuna angawo sanandinamizepo ngakhale kamodzi, moti nthawi zina ndinkachita kulakalaka atandinamizako pang'ono ngati amuna a anzanga.

Za makompyuta sindinalowere m'kalasi, koma ukamamva nkhani imodzimodzi pa chakudya chilichonse umakhoza mayeso usanalembe. Ofesi yawo inali yosunga kaundula wa anthu: kubadwa, maukwati, ziphaso zoyendetsera galimoto, za malo, ndi imfa. Zonsezi zinkakhala m'chimakina chimodzi, chachikulu ngati mawadiropu atatu ogundizana. Ndinachionapo kamodzi, tsiku limene anaiwala juzi ndipo ndinawapititsira. Chinkangolira chapansipansi, iwo atakhala pambali pake ngati odwazika matenda. M'kati mwa chimakinacho nthambi iliyonse inali ndi kompyuta yakeyake, koma yongoyerekezera, yopanda thupi. Makompyuta ongoyerekezerawo ankawatchula kuti alendo, ndipo mlendo aliyense ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chimakina chonsecho ndi chake, mulibe wina. Pamwamba pa onsewo panali pulogalamu imodzi yowagawira nthawi ndi malo, imene ankaitchula kuti Kapitawo.

Tsono mlendo, poti amadziona ngati mwini nyumba, nthawi zina amatulutsa lamulo lalikulu, lokhudza chimakina chenichenicho: imitsani wotchi, ndipatseni madisiki onse, fufutani zonse tiyambirenso. Lamulo lotero likangomveka, chimakina sichimvera ayi. Chimamuimitsa mlendoyo pomwepo n'kuitana Kapitawo. Kapitawo amaliyang'ana lamulolo, n'kulichita pang'ono chabe m'kachipinda ka mlendoyo mmene sangapweteke mnzake, kenako n'kumuuza kuti zatheka. Mlendo amapitiriza ntchito ali wonyada kuti wamveredwa. Tsiku limene anandifotokozera zimenezi koyamba ndinawauza kuti palibe chatsopano, ndi mmene ine ndimachitira ndi achemwali awo akabwera kudzakhala mwezi n'kuyamba kulamula kuti mipando isinthidwe. Iwo sanaseke. Anati kusiyana kwake n'kwakuti Kapitawo sapita kukanyinyirika kukhitchini.

Panalinso njira ina. Mlendo wodziwa malo ake ankatha kupita yekha kwa Kapitawo kukapempha chinthu mwaulemu, ndipo zopempha zotere zinali ndi makomo ake, khomo lililonse ndi nambala yake. Khomo 5 linali lofunsira nthawi, khomo 31 lopemphera malo owonjezera, n'kumapita choncho. Ntchito ya amuna anga inali imeneyo: kulemba khomo lililonse, zimene mlendo ayenera kunyamula pogogoda, zimene Kapitawo amayankha akalola, zimene amayankha akakana, ndi nthambi zimene zimagwiritsa khomolo. Sankalemba za m'maluwa. Khomo lililonse ankaligogoda okha kambirimbiri, molondola ndi molakwitsa dala, kuti aone yankho ndi maso awo. Bukulo linafika masamba mazana asanu ndi limodzi. Akalikonzanso, ofesi inkasindikiza makope makumi anayi n'kuwaunjika mosungira katundu, pafupi ndi matsache. Olemba mapulogalamu ankaona kuti n'kwapafupi kutsika masitepe, kufunsa, kumva nambala ya tsamba, kenako n'kuwanyengerera a Onanitsamba mpaka atsegule okha n'kuwawerengera.

Vuto linayamba m'chaka chawo chachisanu ndi chiwiri pantchito. Ofesi ya Bwana Wamkulu nayo inali ndi mlendo wake m'chimakinamo, wotulutsa malipoti oti bwana azikaonetsa ku misonkhano. Tsiku lina bwanayo anadikira lipoti lake mphindi khumi zathunthu, chifukwa Kapitawo ankatumikira alendo pamzere, aliyense nthawi yake ikakwana. Tangoganizani, bwana pamzere! Anaitanitsa injiniya, ndipo sabata isanathe kunabadwa khomo 77. Mlendo akagogoda pamenepo, Kapitawo ankamuchotsa kumbuyo n'kumuika kutsogolo kwa onse. Loko panalibe. Chitetezo chake chinali chakuti palibe ankadziwa kuti khomolo lilipo.

Amuna anga analipeza okha poyesa manambala monga mwa chizolowezi chawo, n'kulilembera tsamba lake mwaukhondo, tsamba 412. Atakwera nalo kuti likasainidwe, Bwana Wamkulu analiwerenga mpaka pansi, n'kuling'amba pang'onopang'ono uku akumwetulira.

"A Onanitsamba, zina sizilembedwa," anatero.

Iwo anapempha kuti lamulo limenelo awapatse polemba. Bwana anaseka mpaka kutsokomola, n'kuwauza kuti abwerere kufiriji kwawo. Manambala a masamba anali atapita kale kosindikiza, motero pa 412 anangoikapo mzere umodzi pakati penipeni: Tsamba ili lasiyidwa dala. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tsambalo linkawawawa ngati dzino lobooka. Ankati buku lawo lili ndi bodza limodzi, ndipo bodzalo ndi loyera mbee. Ine ndinkawauza kuti kunja kuno anthu amagona tulo tabwino ndi mabodza odzaza mabuku athunthu, iwo n'kumaonda ndi pepala lopanda kanthu.

Patapita zaka zingapo apongozi anga aakazi anamwalira. Maliro atatha, amuna anga anapita kukatenga kalata ya imfa, m'nyumba yomweyo imene ankagwiramo ntchito, koma polowera mbali ya kumsewu kumene amalowera anthu wamba. Kumeneko kunali mabenchi asanu ndi limodzi a matabwa ndi zenera limodzi la mawaya. Anakhala pabenchi masiku awiri. Akanatha kukwera masitepe n'kukatsina khutu winawake, aliyense akanatero, koma iwo anati njira imeneyo sinalembedwe paliponse. Anakhala pakati pa amayi ovala zakuda, ena ochokera kutali ndi ana kumsana, akumva kalaliki akubwereza kuti makina akuchedwa. Pa anthu onse a pamabenchiwo, iwo okha ndi amene ankadziwa chifukwa chake. Mlendo wa ku imfa anapatsidwa kagawo ka nthawi kochepetsetsa, poti akufa sadandaula, ndipo akati wayandikira kutsogolo, mlendo wa bwana ankagogoda pa 77 n'kumudumpha. Sabata imeneyo bwana ankakonza lipoti lonena mmene ofesi yafulumizira kuthandiza anthu.

Wosamalira mlendo wa ku imfa anali mayi wina wamtali, wosalankhulalankhula, amene onse ankawatchula a Nsanamira. Lolemba lotsatira amuna anga anawapeza pa masitepe, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wogulitsa katundu wakuba, n'kuwanong'oneza nambala ija ndi kagogodedwe kake. A Nsanamira sanafunse zambiri. Anakonza zoti mlendo wawo azigogoda pa 77 pokhapokha pamene kalata ya munthu ikusindikizidwa, kanthu ka masekondi ochepa, koti bwana sangakamve n'komwe. Kuyambira mwezi umenewo anamfedwa ankalowa m'mawa n'kutuluka ndi kalata dzuwa lisanafike pamutu. Mabenchi awiri anawachotsa n'kukawaika ku maukwati, ndipo Bwana Wamkulu analandira chikho cha utsogoleri wabwino.

Tsiku la pa masitepe lija amuna anga anafika kunyumba ngati munthu wachita chigololo. Anakhala pansi n'kuulula kuti aphunzitsa munthu chinthu chapakamwa, chosalembedwa. Ine ndinawaphikira tiyi n'kuwauza kuti m'banja lathu lonse limenelo ndi tchimo lokhalo limene ndikulinyadira, ndipo ngati angapeze lina lotere alichite msanga.

Zaka zinapita. Mabwana anasinthana anayi, injiniya uja anasamuka, ndipo za khomo 77 zinaiwalika ngakhale kumwamba komwe. Bwana aliyense watsopano ankangoona malipoti ake akutuluka asanamalize kukanda pamphuno, n'kuganiza kuti makina nawonso amadziwa ulemu. Wachinayiyo, amene ankamutchula a Tionabe chifukwa ndi mmene ankayankhira chilichonse, anafika pomauza anzawo a m'maofesi ena kuti chinsinsi chake n'kudina batani mwamphamvu, makina adziwe kuti wadina ndani. Paja ukakhala pamsana pa njovu umaiwala kuti kunja kuli mame. Odziwa zoona anatsala awiri, amuna anga ndi a Nsanamira.

Ndiye kunabwera nkhani yoti chimakina chakalamba, agula chatsopano. Anafika akatswiri atatu a masuti, ndipo mtsogoleri wawo anachita chinthu chimene palibe anachitapo chiyambire: anapempha buku la a Onanitsamba n'kuliwerenga lonse. Amuna anga anayenda sabata yonseyo mapazi osagunda pansi. Anagula tayi watsopano, anthu inu, munthu wa juzi imodzi. Koma Lachisanu katswiriyo anawauza mmene ntchito iyendere. Kapitawo watsopano amumanga potsatira bukulo, khomo ndi khomo. Cholembedwa chiwoloka kupita ku makina atsopano, chosalembedwa chitsala. Kenako anafunsa, mwaulemu ndithu, ngati pa 412 palibedi kanthu.

Lamlungu masana titabwera kutchalitchi, anakhala pa tebulo langa lodulira nsalu, n'kukankhira pambali diresi ya mkwatibwi wa eni ake, n'kuyamba kulemba. Nkhani inali yoonekeratu. Akakhala chete, khomo lifa, ndipo amayi aja abwerera pamabenchi masiku awiriawiri. Akalemba, khomo liwoloka. Mpaka pamenepo ndinali nawo limodzi. Koma nditasuzumira papepala ndinaona kuti pansi aikapo kamutu kamene kanali pa tsamba lililonse la bukulo, kakuti Ogwiritsa khomoli, ndipo alembapo mizere iwiri: ofesi ya Bwana Wamkulu, ndi ofesi ya makalata a imfa.

Ndinawauza kuti afufute mzere wachiwiriwo. Khomo lilibe loko, likawoloka mlendo wa a Nsanamira azigogoda monga kale, palibe adzadziwe. Iwo anati tsamba lililonse limatchula ogwiritsa onse, ndipo sangachize bodza la zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi polemba bodza lina. Ndinati limenelo si bodza, n'kungosiya kutchula. Anati kusiya kutchulako ndi kumene kwawadwalitsa zaka zonsezi. Ndinawakumbutsa kuti mabwana akapeza wosauka akudya m'mbale yawo safunsa kuti wadya zochuluka bwanji, amangomenya dzanja. Anandiyankha kuti aikamo manambala, ndipo akuluakulu akaona kuti masekondi ochepa a bwana akupulumutsa masiku awiri a namfedwa sangakane, chifukwa nkhaniyo ndi yomveka. Yomveka kwa ndani, ndinafunsa, kwa chimakina?

"Bambo a ana anga, makomo a makina mumawadziwa onse, koma mtima wa munthu simunaugogodepo," ndinatero. "Muwapweteketsa amayi aja ndi ukhondo wanuwu."

"Mayi, chapakamwa chimafa ndi mwini wake. Ine ndikapuma, a Nsanamira akapuma, makina akadzasinthanso, adzanong'oneza ndani? Chikalembedwa chimakhala ndi poimira."

Nazonso zinali zoona, ndipo palibe chimandipsetsa mtima ngati munthu amene akulakwitsa ali ndi mfundo. Diresi ya mkwatibwi ija ndinaidula mkono umodzi waufupi tsiku limenelo.

Tsamba 412 linakwera kumwamba Lolemba, ndipo Lachitatu kunakhazikitsidwa komiti yofufuza. Inakumana kasanu ndi kamodzi, ku hotela, poti nkhani yachinsinsi sikambidwa mu ofesi. Poyamba a Tionabe anakana kwamtuwagalu kuti ofesi yawo inagwiritsapo khomo lakuseri. Akatswiri atawafotokozera kuti popanda khomolo lipoti lawo lizidikira mphindi khumi, anasintha nyimbo pomwepo, nati khomolo linakhazikitsidwa mwanzeru ndi atsogoleri akale pofuna kuteteza ntchito zofunika. Chowadabwitsa, anatero, n'chakuti chinthu chamtengo wapatali chotere chakhala chopanda loko, mpaka nthambi wamba kumalowapo ngati pamsika.

Amuna anga anaitanidwa pa mkumano wachisanu, atavala tayi uja. Atafunsidwa kuti anauza a ku imfa ndani, anati ndi iwowo, n'kutchula tsiku, mwezi, chaka, ndi sitepe imene anaimapo. Atafunsidwa chifukwa chimene tsambalo linakhalira loyera zaka zonsezi, anati analamulidwa ndi bwana wakale. Wapampando anapempha kuti aonetse kalata ya lamulolo. Panalibe. Ndiye komiti inalemba kuti, poti ofesi ino imayendera zolembedwa monga a Onanitsamba eni ake amaphunzitsira, lamulolo silinaperekedwepo, ndipo tsambalo linakhala loyera chifukwa cha kulekerera kwa wolemba. Manambala awo aja, a masekondi ndi masiku, anawaika kumapeto kwa lipoti ngati zowonjezera, ndipo pepala limenelo makina okopera analidumpha.

Chigamulo chinali chachifupi. Khomo 77 liwoloke, liikidwe loko, ndipo kiyi akhale wa ofesi ya Bwana Wamkulu yokha. A Nsanamira analandira kalata ya chenjezo n'kusamutsidwira ku ziphaso za njinga zamoto. Panatsala kanthu kamodzi: mlendo wa ku imfa anali atazolowera kugogoda pa 77 kalata iliyonse ikamasindikizidwa, ndipo kumuletsa kukanatenga miyezi, poti womudziwa anali atangosamutsidwa kumene. Katswiri wa masuti anati njira yachidule ilipo, Kapitawo achite zimene amadziwa kale: mlendo wopanda kiyi akagogoda, amuyankhe kuti zatheka n'kumusiya pomwe ali. A Tionabe anawonjezera kuti asamusiye pomwe ali, amubwezere kumapeto kwa mzere, aphunzire mwambo. Komiti inawomba m'manja n'kupita kukadya.

Tsono tamverani mmene amuna anga aja analili. Komiti inawauza kuti akonze tsamba 412 ligwirizane ndi chigamulo. Ine ndinati akane, aponye cholembera pa tebulo la bwana, atuluke ngati mwamuna, nsalu zanga zitidyetsa. Iwo anatsikira m'chipinda chawo chozizira, n'kugogoda pa khomo 77 kambirimbiri, ndi kiyi ndiponso popanda kiyi, n'kulemba ndendende zimene anaona. Anati tsopano zoona ndi zimenezo, ndipo buku silisankha zoona zokoma zokhazokha. Kwa nthawi yoyamba buku lawo linakwanira, lopanda tsamba loyera ngakhale limodzi. Anabwera nalo kunyumba n'kuliika pa shelefu, ndipo sindinawaonenso akulitsegula.

Patatha miyezi itatu anawapumitsa ntchito nthawi isanakwane, ponena kuti makina atsopano amabwera ndi mabuku ake. Pa mwambo wotsanzikana a Tionabe analankhula mphindi makumi anayi za kufunika kolemba zinthu, kenako anawapatsa mphatso yolemera, yokutidwa bwino ndi riboni. Titatsegula kunyumba tinapeza buku lawo lomwe, limodzi la makope akale aja a pafupi ndi matsache, tsamba 412 lili loyera. Ine ndinatukwana mpaka oyandikana nawo anatseka mazenera. Iwo anangopinda riboni bwinobwino n'kundipatsa kuti mwina ndingaigwiritse ntchito.

Pa zaka ziwiri zimene anakhala pakhomo, dzina la Onanitsamba linatha lokha. Makope a kukhitchini anasiya kuwalemba. Ukawafunsa kanthu ankangoti sindikudziwa, mawu amene ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo. Popita kuchipatala kukatenga mankhwala a shuga, basi inkadutsa pamsewu wa ofesi ija, ndipo iwo ankasankha mpando wa mbali inayo kuti asaone mzere wa anthu ovala zakuda, umene tsopano unkatulukira pageti. Kamodzi kokha, ine ndikusokerera mabatani, anandiuza kuti ndinkanena zoona Lamlungu lija. Moyo wanga wonse wa m'banja ndinkafuna kumva mawu amenewo, koma atabwera sanandikomere ngakhale pang'ono. Ndinawamvera chisoni moti ndinawakalipira kuti asiye zakalekale amwe mankhwala.

Anamwalira mwezi watha, m'mawa, atakhala pampando wawo. A Nsanamira anabwera pa maliro. Ndinkaopa kuwayang'ana kumaso, koma iwo anandigwira dzanja n'kunena kuti malemu anali munthu wolungama. Ndinavomera kuti inde, vuto lake linali lomwelo.

Lero ndi tsiku langa lachitatu pabenchi. Mabenchi tsopano alipo asanu ndi anayi, aja a ku maukwati anabwerera ndi anzawo. Tsiku loyamba msana unandipweteka kwambiri, ndiye lachiwiri ndinatsitsa buku lokwanira lija pa shelefu n'kubwera nalo kuti ndizilikhalira, ndipo masamba mazana asanu ndi limodzi amathandiza ndithu. Kalaliki wa pazenera ndi mayi waulemu, alibe mlandu. M'mawa uno anandiitana kachitatu, n'kulemba dzina la amuna anga, n'kudina batani. Poona nkhope yanga anatembenuza sikirini ya kompyuta yake kuti ndidzionere ndekha.

"Mwaona mayi, akuti zatheka. Ingodikirani pang'ono, kalata ituluka. Chimene amachedwera makinawa ngakhale ife sitikuchidziwa."

Ndisanaganize n'komwe, chala changa chinakwera chokha.

"Onani tsamba 412," ndinatero.

Anandiyang'ana mwachisoni, mmene amayang'anira anamfedwa amene mutu wayamba kuwasokonekera, n'kundifunsa mofatsa kuti tsamba la chiyani. Ndinafuna kumuuza zonse, za masitepe, za hotela, za tayi. Ndinafuna kumuuza kuti asadinenso batanilo, chifukwa akadina akuwabwezera amuna anga kumapeto. Koma kalata singatuluke osadina, ndipo kumbuyo kwanga kunali anthu ena odikira kuuzidwa kuti zatheka.

Ndinabwerera pabenchi n'kutsegula bukulo pa 412, koyamba chilembedwere. Zonse zili mmenemo, mwaukhondo, m'mawu awo enieni ngati ndikuwamva pa chakudya: mlendo wopanda kiyi akagogoda pa khomoli, Kapitawo amamuyankha kuti zatheka, n'kumubwezera kumapeto kwa mzere, akagogodanso, zimachitikanso chimodzimodzi. Pansi pake anawonjezera kamzere kamene komiti sinawatume, kakuti mlendoyo sangathe kudziwa kuti wabwezedwa. Pamenepo ndi pamene ndinalira, kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Mayi wa pambali panga, amene wabwera kudzatenga kalata ya mwana wake, anandifunsa ngati limenelo ndi buku la mapemphero. Ndinati ayi, analemba ndi amuna anga, ndipo mulibe bodza ngakhale limodzi. Kenako ndinalitseka n'kusendera kuti tilikhalire tonse awiri, poti pazenera anali atangoitana wina.